Chitsulo Chimene Chinkagogoda

Mutu 5

1. Mabingu popanda mtambo

Kwathu ku Koskuduk mvula imagwa mwa apo ndi apo, koma zitsulo zimagwa chaka chonse. Maroketi akanyamuka pabwalo lawo kummwera, amataya zidutswa zawo m'chidikha chathu, ife n'kumatola. Denga la khola, chitseko cha chimbudzi, chomwera nkhosa, zonsezi n'zochokera kumwamba. Boma linkatiletsa kukhudza zinthuzo. Ife tinkavomera ndi mutu, manja ali kalikiliki.

Tinali ndi lamulo lathu losalembedwa. Wofika poyamba pa chitsulo amamangapo chake, kaya lamba kaya mpango, n'kuima pomwepo mpaka abale ake atafika ndi lole. Akatero, chitsulocho n'cha banja lake. Akamasula kapena kuchokapo, chasanduka cha aliyense.

M'mawa wa tsiku limene ndikunenali, banja la a Jumash linali pa tiyi. Mwadzidzidzi kumwamba kunamveka kuti guu! Makapu ananjenjemera pathebulo. Posakhalitsa kunamvekanso kachiwiri, chonsecho kunja kunalibe ndi kamtambo komwe.

Darkhan, mwana wawo wamkulu, anathamangira panja buledi ali kukamwa. Chakum'mawa kunkatsika kanthu kakuda, kakukoka chinsalu chopotana ngati mchira.

Mnyamatayu anali ndi chilonda mumtima. Chisanu chapitacho denga la khola lawo linagwa ndi chipale chofewa, nkhosa zambiri n'kufera momwemo. Kuchokera pamenepo zitsulo zinagwa kawiri, ndipo kawiri konseko a Tursyn a kutsidya kwa khwawa anamutsogolera. Ulendo wachiwiriwo anachita kumuponyera kamsomali pamaso pa anthu, amvekere, "Tenga, ukafolere khola."

"Akerke! Kwera hatchi!" anakuwa Darkhan. "Iwe udutsa pakhwawa, ine ndizungulira ndi lole. Ukamangepo mpango wakowo. Lero lokha fisi uja asatidyerenso!"

Akerke, mlongo wake wa Darkhan, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pa hatchi panalibe mnyamata m'mudzi monse womupitirira, ndipo iye ankazidziwa zimenezo mopitirira muyeso. Phazi linali kale m'chopondera pamene bambo ake anatuluka, akukoka mwendo wawo wolumala. A Jumash anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri yoyendetsa galimoto la gulu lokatenga oyenda m'mlengalenga akatera. Mwendowo anauthyola pa ntchito yomweyo.

"Imani kaye, ana inu," anatero atagwira chingwe cha hatchi. "Sabata ino munaona utsi wa roketi kummwera? Simunauone. Ndiye chagwachi chachokera kuti? Chinthu chikagwa popanda chonyamuka, ndiye kuti n'chobwerera. Dzulo wailesi imati anthu atatu atsika lero, koma amayenera kutera kumpoto, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pano. Ngati ali iwowa, zinthu sizinayende bwino.

"Ndakuuzani kangati kuti zogwa kumwamba zili mitundu iwiri? Chogwa chokha, chopanda nsalu, tolani, sindikuletsani. Koma chogwa ndi chinsalu ndi zingwe, chakuda ngati mphika, chimenecho si chitsulo ayi. Ndi nyumba, ndipo mkatimo muli alendo. Kwathu kuno mlendo sitimufunsa dzina asanamwe tiyi, nanga tingamutsekere m'nyumba? Munthu amene wakhala miyezi kumwamba satha kunyamula ngakhale mkono wake. Ukamva akugogoda, dziwa kuti walephera kutsegula. M'mphepete mwake muli kiyi wofiira womangidwa ndi waya. Umulowetse pakati pa chitseko, upotoze, ukankhe. Osadikira munthu. Ndipo kumatako kwake osamenyako ndi kanthu kalikonse. Kuli timizinga tomwe timaphulika chombo chikamatera, kuti chisagunde pansi mwamphamvu. Chikagwa molakwika, tina timatsala tisanaphulike. Ndinaona ndi maso angawa..."

"Ababa, nkhani za kuntchito tidzamva madzulo!" anawadula Darkhan, lole italira kale. "Taonani fumbi kwa a Tursyn!"

Akerke anayankha kuti "Ndamva, ababa," monga ana amayankhira maso ali kwina. Anakoka chingwe, hatchi n'kuliyatsa liwiro.

2. Mpango wofiira

Anadutsa pakhwawa madzi akuthovoka, nakwera mtunda, ndipo atatha zitunda zitatu anachiona.

Chinali chitagona cham'mbali m'dzenje limene chinadzikumbira chokha. Chinali chakuda bii, chachikulu ngati khumbi la abusa, ndipo chinkatulutsa fungo lonyansa la zinthu zopserera. Udzu wozungulira unkafuka. Chinsalu chachikulu cha mizere yoyera ndi yofiirira chinali chitayalika pansi, chong'ambika pakati, zingwe zake zitapotana.

Chinsalu ndi zingwe. Akerke anaziona bwinobwino, sindingamunamizire kuti sanazione. Koma anayang'ananso kumbuyo, napeza kuti m'chidikha monsemo ali yekha, ndipo mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Anavula mpango wake wofiira, naumanga mfundo ziwiri pa kachitsulo kotuluka m'mbali. Anatero akuseka, poganiza nkhope ya a Tursyn.

Ali chiimire pomwepo, anamva kuti go, go, go.

Anayesa kuti ndi chitsulo chikuzizira. Chinamvekanso, katatu ndithu, kenaka zii. Anatenga mwala n'kugogoda katatu. Mkatimo munayankha msangamsanga, go go go go go, ngati munthu amene wamva mapazi pakhomo.

Thupi lonse linachita tsemwe. Anazungulira chombocho napeza zithunzi zojambulidwa pambali, kamunthu katagwira kiyi. Kiyiyo anali pomwepo, wofiira monga ananenera bambo ake. Anayamba kumasula waya, zala zikupsa. Anali atamasula theka pamene dzanja linamugwira pamkono.

"Ukutani iwe? Bwanji wachoka pa mpango?" Anali Darkhan, ali wefuwefu.

"Achimwene, muli munthu! Akugogoda. Tamverani."

Go, go, go.

Darkhan anamva. Nkhope yake inasintha, nayang'ana chitseko, nayang'ananso kumadzulo. Lole ya a Tursyn inali itatsika kale chitunda chomaliza.

"Tamvera, mlongo wanga," ananong'ona. "Tikatsegula pano, chinthuchi chasanduka cha boma, mpango wako ulibenso ntchito. Fisi uyu azula chinsalu ndi zingwe zonse ife tili kalikiliki ndi odwala, kenaka akatiseka m'mudzi monse. Chinsalu chokhachi chifolera khola lonse. Tiwathamangitse kaye. Mphindi zisanu zokha, kenaka titsegula. Munthu wogogoda mwamphamvu chonchi ali bwinobwino."

"Koma ababa anati osadikira munthu."

"Ababa ndi amene anakoka mitembo ya nkhosa m'khola muja, kapena ndi iwe ndi ine? Wayiwala mmene unkalirira? Mphindi zisanu. Kaime pa mpango, ndipo utseke pakamwa."

Akerke anayang'ana kiyi uja ali lende pawaya. Kenaka anamusiya, nabwerera kukaima pa mpango wake.

3. Mphindi zisanu zokha

A Tursyn anatsika m'lole pang'onopang'ono, monga amachitira anthu ozolowera kupambana. Anali bambo wa thupi, wa ndevu za imvi, mgwala wachitsulo uli paphewa. Pambuyo pawo panali mwana wawo Bekzat, yemwe ankaphunzira kalasi imodzi ndi Akerke. Iyeyu ananyamula nkhwangwa.

"Mwadzuka bwanji, ana a Jumash?" anatero a Tursyn. "Zikomo potilondera katundu. Tsopano kazipitani, nkhosa zikukudikirani. Aa, pepani, ndayiwala kuti zinatha."

"Maso anakalamba kodi, madala?" anayankha Darkhan. "Mpangowo simukuuona?"

"Mpango wa mtsikana? Kuyambira liti? Tikalola zimenezi, mawa mudzamangapo thewera la mwana n'kumati chitsulo n'chanu."

"Lamulo limati wofika amangepo chake. Silimati lamba wa mimba yaikulu."

Bekzat anaseka mosafuna, bambo ake n'kumuyang'ana ndi diso lofiira. Nthawi yomweyo mkati muja munamveka go, go, go.

A Tursyn anatembenuza mutu. "Chikulira n'chiyani?"

Apa ndi pamene Akerke anachita chinthu chimene sadzachiiwala mpaka kumanda. Darkhan sanamutume. Anatembenuza yekha chikoti chake, namenya chombocho ndi mpini, go, go, go.

"Ndine," anatero mokweza. "Ndikukukumbutsani kuti n'chathu."

"Pakamwa ngati amake," anatero a Tursyn, nalavula pansi. "Bekzat, chotsa kansanzako."

Bekzat anatambasula dzanja kuti amasule mpango. Chikoti cha Akerke chinalira kuti thyapu! Tsaya la mnyamatayo linang'ambika kuchokera kukhutu mpaka pamlomo, magazi n'kuyamba kuchucha. Anabwerera m'mbuyo atagwira kumaso, osakhulupirira.

Basi ndewu inabuka. A Tursyn anazunguza mgwala, Darkhan anazinda, chitsulocho n'kudutsa pamwamba pa mutu wake. Anawalumphira m'mimba, onse awiri n'kugwa m'phulusa la udzu. Anagubuduzana uku akutukwanizana, kutchulana ndi makolo omwe anafa kalekale. Darkhan anawakhoma chibakera pamphuno, iwo anamuluma khutu mpaka kulendewera. Fumbi linali koboo, hatchi inadula chingwe n'kuthawa.

Mkatimo munagogodanso. Akerke anamenyanso ndi mpini. Munagogodanso, iye anamenyanso, mwamphamvu kuposa poyamba, misozi ili m'maso. Ankadziuza kuti ndewu ikutha tsopano lino.

Koma ndewu ya anthu osungirana mangawa siitha ndi mphindi zisanu. A Tursyn anapezanso mgwala wawo, namenya Darkhan m'nthiti. Kunamveka kuti khoo, ngati nkhuni youma. Darkhan anagwada akusanza, koma anawagwira mwendo n'kuwagwetsanso, nawakhala pachifuwa. Anawamenya kumaso mpaka ndevu za imvi zija zinasanduka zofiira. Wina akadzuka, mnzake ankamugwetsa. Onse anatopa, koma panalibe wofuna kuyamba kuleka.

Dzuwa linasuntha. Mthunzi wa chombo unachoka pamapazi pa Akerke. Kugogoda kuja tsopano kunkabwera patalipatali, kawiri, kenaka kamodzi.

"Achimwene, zakwana!" anakuwa. "Achimwene!"

Darkhan sanamve. Zala zake zinali pakhosi pa a Tursyn.

4. Nkhwangwa ya Bekzat

Bekzat anali atakhala pansi nthawi yonseyi, malaya atawapanikiza patsaya. Ataona bambo ake akutuluka maso, anadzuka. Sanapite kukaleretsa. Anatola nkhwangwa yake, nayang'ana Akerke ndi chidani.

"Wandiwononga nkhope chifukwa cha chitsulo," anatero. "Ndiye uone. Ndichiphwanya, aliyense asapindule."

Anazungulira chombocho kufuna pofewa, nakaima kumatako kwake. Anakweza nkhwangwa ndi manja awiri.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa anamubwerera Akerke tsiku lomwelo.

"Bekzat, usamenye kumeneko! Kuli mizinga! Bekzat!"

"Ukanamize agogo ako," anayankha. Nkhwangwa inatsika kamodzi, kawiri.

Kachitatu kunaphulika. Moto woyera unatuluka ngati mphezi, nthaka inagwedezeka, Akerke n'kupezeka ali chagada, m'kamwa muli dothi. M'makutu munkangolira kuti nziii. Atadzutsa mutu anaona Bekzat ataponyedwa kutali, pafupi ndi lole. Malaya ake ankayaka. Dzanja lake lamanja linali litapsa mpaka m'chigongono, zala zina palibe, ndipo ankakuwa ndi mawu osakhala ngati a munthu.

A Tursyn anamukankha Darkhan nakwawira kwa mwana wawo. Anazimitsa motowo ndi manja awo, akulira ngati mwana. "Mwana wanga ine! Mwana wanga ine!"

Akerke anadzuka nakakanikiza khutu pa chombo. Anadikira. Anatola mwala nagogoda katatu. Sipanamveke kanthu.

"Muli anthu!" anakuwa mpaka mawu kusasa. "Muli anthu muno! Akhala akugogoda chifikireni ine! Si ine ndimagogoda, a Tursyn, ndimabisa! Ndithandizeni!"

Sanadikirenso munthu. Anathamangira pa kiyi uja, amene tsopano anali wotentha ngati khasu la pamoto. Anamasula waya wotsalawo khungu la zala likumatirira, nalowetsa kiyiyo pakati pa chitseko. Anapotoza. Anakankha, koma chitseko sichinasunthe. Darkhan anabwera atagwira nthiti, naikapo phewa. Chitseko chinalowa mkati.

Ntchito yonseyo sinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe.

5. Mlendo

Munatuluka mpweya wotentha wa fungo la magazi. Mkatimo munali mothina, anthu atatu atamangidwa m'mipando yawo, atavala zoyera, mawondo ali pachifuwa. Awiri anali chete, mitu itapendekera mosayenera, maso ali tong'o kuseri kwa magalasi a zipewa zawo. Sipanafunike dokotala kuti anene.

Wachitatu, wa kufupi ndi chitseko, anali atatsegula galasi lake. Anali bambo wa msinkhu wa a Jumash, wa tsitsi la imvi, milomo itayera. Pachifuwa pake panalembedwa dzina lakuti Matvei. Chitsulo cha mpando chinathyoka n'kumung'amba ntchafu, ndipo chovala chake choyera chinali chofiira mpaka kumapazi. Mkono wake wamanzere unali wothyoka. Anatsala ndi dzanja limodzi lokha. Akagwira bala sakanatha kugogoda, akagogoda magazi ankatuluka. Sipanala imene ankagogodera inali ikadali m'dzanjamo.

Anatsegula maso, nayang'ana Akerke, namwetulira pang'ono. Analankhula Chirasha, chimene Akerke anaphunzira kusukulu.

"Ndiwe unkamenya kunjaku?"

Akerke anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndimakumva," anatero bamboyo. "Ndikagogoda, iwe umayankha. Ndinadziwa kuti ukulimbana ndi chitseko, ndiye sindinaleke. N'cholimba, eti? Zikomo, mwana wanga."

Akerke anatuluka chothamanga, nakamasula mpango uja ndi mano, poti zala zinali zitatupa. Anabwerera naumanga pamwamba pa bala, napotoza ndi sipanala ija mpaka magazi analeka. Anamupukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Anamuuza kuti kwawo kuli tiyi wamkaka, kuti bambo ake amadziwa anthu ngati iye, kuti alimbe mtima. Ankangolankhula zilizonse.

"Kukununkhira udzu," anatero bamboyo. Anapuma kawiri, kenaka sanapumenso.

Akerke analira mokweza, mutu wa mlendoyo uli m'manja mwake. Anali akulirabe pamene njinga yamoto ya a Jumash inafika ikutsokomola. Mkuluyo anayang'ana Bekzat, nathandiza a Tursyn kukulunga dzanjalo ndi chidutswa cha chinsalu chija. Kenaka anasuzumira m'chombo. Anavula chipewa, natseka maso a anthu atatuwo mmodzimmodzi, nawapempherera. Anakhudza magazi a pansi, naona kuti ena auma kale. Anayang'ana mpango, nayang'ana mwana wake.

"Unafika nthawi yanji?"

Akerke anawauza zonse, osasiyapo kanthu, ngakhale za mpini wa chikoti. Darkhan anali atakhala poteropo, mutu uli pakati pa mawondo.

A Jumash sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

"Mwana wanga," anatero, "bala ili ndaliona kambiri. Silifuna mankhwala, silifuna chipatala, limafuna kansalu ndi munthu womanga. Kansaluko unali nako, ndipo kumanga umatha, taona mmene wamangira bwino. Unangoyamba kumanga pa chitsulo. Munthu uyu wazungulira dziko lonse kambirimbiri, wadutsa m'moto, wagwa kuchokera kumene mbalame sizifika, osafa. Wadzafera pakhomo pathu, anthu anayi ali panja. Agogo ako ankatsegulira mlendo m'nyengo ya njala, n'kumuphera nkhosa yomaliza. Ife tasanduka anthu otani, oti denga la khola likulemera kuposa munthu? Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndinakulererani pakati pa zitsulo zotola, ndipo tsiku limene munabwera ndi choyamba ndinakuyamikirani.

"Tsopano tamvera. Ndege zikubwera, posachedwa uzimva. Akufunsa mafunso. Ine sindikuuza choti uyankhe, wakula. Ukanena zoona, mchimwene wako akhoza kupita kundende, mwinanso iwe sukulu yathera pomwepa. Ukanama, mwina akhulupirira. Koma munthuyu ali ndi ana kwawo, ndipo adzafuna kudziwa mmene bambo awo anafera. Mlandu suola, Akerke. Ukaukwirira umamera."

6. Funso la mkulu wa asilikali

Ndege za helikopita zinabwera zitatu, zikuulutsa phulusa ndi udzu. Munatsika asilikali ndi dokotala wamkazi. Ena anatenga Bekzat pamachira, ena anatchinga chombocho ndi chingwe.

Ndegezo zisanatere n'komwe, Darkhan anali atakwawira kale kwa a Tursyn, ndipo ananong'onezana. Anthu amene ankafuna kuphana dzuwa lili apa, tsopano anagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Mantha amayanjanitsa msanga kuposa akuluakulu a m'mudzi.

Mkulu wa asilikali anali munthu wamtali, wa maso otopa. Analowa m'chombo, nakhalamo nthawi, natuluka akupukuta kumaso. Zinkaoneka kuti anthuwo ankawadziwa.

"Anafika poyamba ndani?" anafunsa.

"Tonse limodzi, bwana," anayankha Darkhan. "Tinapeza kuli zii. Tinatsegula nthawi yomweyo."

"Ndi zoona, bwana," anatero a Tursyn, milomo itatupa. "Mwana wanga wapsa pofuna kuthandiza."

"Nanga nkhope zanuzi?"

"Kuphulika kuja, bwana. Kunatiponya."

Mkuluyo anayang'ana khutu la Darkhan, pomwe zizindikiro za mano zinkaoneka bwinobwino. Dokotala uja anabwera, magolovesi ali magazi okhaokha, atanyamula mpango wofiira.

"Awiriwo anafa pogunda pansi," anatero. "Koma Matvei wangotisiya kumene, akadali wofunda. Amene anamanga mpangowu anamanga bwino kwambiri. Akanamanga msangako pang'ono, bwenzi tikupita naye wamoyo."

Mkulu wa asilikali analandira mpangowo. Anayang'ana amuna atatuwo, kenaka anayang'ana mtsikana wosavala kanthu kumutu, wa zala zotupa. Anamuyandikira nawerama pang'ono.

"Ndi wako uwu?"

"Ndi wanga."

"Usaope, mwana wanga. Mkazi wake adzafuna kudziwa dzina lako kuti akuthokoze. Koma ndiyenera kulemba zonse mwa ndondomeko, ndiye uganize bwino usanayankhe. M'chombomu muli kabokosi kamene kamasunga phokoso lililonse, la mkati ndi la kunja komwe. Tikakamvera mawa." Anatulutsa kabuku ndi cholembera. "Pamene unafika, unamva munthu akugogoda?"

Darkhan anamugwira pachigongono, nafinya. A Jumash anayang'ana pansi, chipewa chili m'manja. Akerke anayang'ana mpango wake m'dzanja la msilikaliyo, ukudontha magazi pa udzu wopsa. Kenaka anachotsa zala za mchimwene wake pamkono, chimodzichimodzi.